Paipi Yopinda ya kwa a Mbewe

Ana anga, Esnati, Yohane ndi Tiyamike, mwakhala mukundiseka kuti ndikafika kunyumba zanu sindiyamba ndakhala pampando, ndimayamba ndafunsa makwerero. Chaka chatha Yohane anachita kukabisa makwerero ake kwa aneba, ati ndakalamba ndingagwe m'siling'i. Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo ndikuvomera kuti ndinapyola muyeso. Chigawo chino ndalemba kuti mudziwe chimene ndimakafuna m'mwambamo. Mudziwenso zoona zake za chipsera chili pamkono wanga wamanjawu, ndi chifukwa chimene tinachokera m'nyumba ya kampani ku Area 25 n'kukapanga lendi ku Mgona. Amayi anu anakuuzani kuti kuntchito anachepetsa anthu. Ananena choncho pofuna kundiphimba, koma sizinali choncho.

1990

Ndinabwera ku Lilongwe kuchokera kwathu ku Chiradzulu ndi kapepala ka upulambala m'thumba, ndipo ndinalembedwa ntchito pakampani ina imene inali ndi nyumba za antchito ake ku Biwi, ku Kawale ndi ku Area 25, chakufupi ndi Nsungwi. Dzina la kampaniyo ndilisiya, inatha kalekale. Nyumba za makalaliki ndi madalaivala akuluakulu zinali ndi magiza m'siling'i, matanki aja otenthetsa madzi ndi magetsi, ndipo m'taunishipi masiku amenewo kusamba madzi otentha otuluka pampopi chinali chinthu chonyadira. Ntchito yanga inali yosamala magiza amenewo ndi mapaipi ake.

Kapitawo wathu anali a Msiska ochokera ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wamfupi wosakweza mawu. Sindinaonepo munthu wovuta ngati ameneyo. Kawiri pachaka, mu Epulo kusanayambe kuzizira ndi mu Okutobala, tinkayendera nyumba iliyonse, kaya mwini wake wadandaula kaya sanadandaule. Unkakwera m'siling'i, kukhuthula madzi onse, kupala matope okhala pansi pa thanki, n'kuyang'ana mawaya ngati makoswe sanatafune. Koma zimene a Msiska ankafera zinali ziwiri. Choyamba ndi themositati, kachipangizo kamene kamadula magetsi kokha madzi akatentha mokwanira. Chachiwiri ndi paipi yopumira, ya kopa, imene imachoka pamwamba pa thanki n'kukatulukira kuseri kwa nyumba, kuti madzi akawira nthunzi ipeze potulukira. Paipi imeneyo tinkachita kuiuzira ndi pakamwa kuti titsimikize kuti mavu sanamangemo. Tsiku langa loyamba anandikhazika pamtanda wa denga n'kundiuza kuti: "A Makawa, chimodzi mwa ziwirizi chikafa, chinzake chimakupulumutsani. Zikafa zonse, ili si thanki, ndi bomba limene anthu akugona pansi pake."

Ukamaliza, unkalemba deti ndi zilembo zoyamba za dzina lako pamtanda wa denga ndi pensulo. Kenaka a Msiska ankakwera okha, ndi ukalamba wawo womwewo, kukaona ngati fumbi la pathanki lili ndi zala zako. Akapeza fumbi losakhudzidwa sankakalipa, ankangotsika n'kukugwirira makwerero, iwe n'kudziwa wekha kuti ukwerenso. Ntchito imeneyi ndinkadana nayo, ndisaname. Mu Okutobala pansi pa malata pamakhala ng'anjo, fumbi limalowa mpaka m'mano, ndipo ukatsika amayi a panyumba akukuyang'ana mapazi chifukwa angokolopa kumene. Ndinkati mumtima mkuluyu akutizunza ndi zinthu zabwinobwino. Koma zaka zinayi zimene ndinagwira pansi pawo palibe giza inadontha mpaka kuwoletsa siling'i, ndipo palibe banja linagona losasamba chifukwa cha ife.

1994

A Msiska anapuma ntchito n'kubwerera ku Rumphi chaka chomwe kwacha inayamba kugwa mphamvu. Zipangizo zochokera kunja zinayamba kusowa, kusitolo yathu mashelefu anangotsala ndi makatoni. M'malo mwawo anabweretsa a Zimba, ophunzira bwino, a tayi, amene sanakwerepo m'siling'i chibadwire. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuthetsa kuyendera nyumba kuja. Anati galimoto ilibe mafuta oyendera zinthu zosaonongeka, chinthu chikamagwira ntchito tichisiye. Ife tinasangalala, bodza n'loipa. Epulo anadutsa osakwera, Okutobala anadutsa osakwera.

Matope anayamba kuunjikana m'matanki, ndipo mathemositati anayamba kufa limodzilimodzi. Ikafa themositati ya mtundu umene tinali nawo, giza imangozizira. Anthu anayamba kudzazana kuofesi, ena mwa iwo akuluakulu kuposa a Zimbawo, ndipo kusitolo kunalibe ngakhale imodzi. Tsiku lina anandiitana n'kutseka chitseko. Anati ndizichotsa zakufazo n'kulumikiza mawaya dailekiti, anthu azizimitsa okha, mpaka katundu adzabwere. Ndinawapempha kuti andilembere pajobu khadi, kapepala kolamula ntchito. Anaseka n'kundifunsa ngati ndayamba uloya. Anandikumbutsanso, akumwetulira, kuti nyumba imene tinali titangopatsidwa ku Area 25 panali anthu ambiri amene ankaifuna.

Muikumbuke nyumba imeneyo. Inali ndi magetsi, mpopi m'kati, ndi chipinda chanuchanu atsikana. Amayi anu anadzala mapapaya kuseri. Tiyamike anali kumbuyo, Esnati anali atayamba kuwerenga usiku popanda koloboyi. Ndinaganiza zonsezi, ndipo ndinapita kukalumikiza. Nyumba zisanu ndi zinayi ndinazichita zimenezi ndi manja angawa. Ndinkadzitonthoza kuti paipi yopumira ilipo, zikavuta ingolavula madzi kuseri basi. Ndipo poti chizolowezi cha a Msiska chinali chitandilowa m'magazi, pamtanda uliwonse ndinalemba deti, zilembo za dzina langa, ndi kamtanda kakang'ono kondikumbutsa kuti muno mulibe themositati.

Panyumba iliyonse ndinkaitana amayi n'kuwalangiza kuti aziyatsa ola limodzi lokha kenaka azimitse. Ndinkauza amayi chifukwa madzi a m'nyumba ndi awo, abambo amangopeza ali m'bafa. Sindinaganize kuti lilipo tsiku limene mayi wa panyumba amagona, nyumba n'kukhala m'manja mwa munthu wina. Mwa amayi onsewo amene anamvetsa bwino anali akazi a a Mbewe, dalaivala wa lole ya kampani, amene ankakhala mizere itatu kuchokera kwathu. Mayi ameneyo ankayatsa akamayamba kusesa, n'kuzimitsa akamaliza kutsuka mbale, osaphonya. Nthawi imeneyo anali oyembekezera mwana wawo woyamba.

Lachisanu lina mu Juni 1995

Kunali kozizira kwambiri sabata imeneyo. Cha m'ma 11 koloko m'mawa ndinakumana ndi a Mbewe pabwalo la kampani m'tauni, lole yawo italira kale, akupita ku Blantyre kukabwera Lamlungu. Anali osangalala. Anandiuza kuti kunyumba kuli mlendo, wamkazi, anatuluka kuchipatala Lachitatu, ndipo amayi awo abwera kuchokera ku Dowa kudzasamala chikuta. Ndinawagwira chanza. Atakwera kale, anasuzumira pawindo.

"Koma kapaipi kanu kakuseri kaja kanayamba misala, a Makawa. Dzulo kanalavula madzi owira pamatewera, amayi anga anatsala pang'ono kupsa. Musavutike, ndakakonza ndekha m'mawa uno."

"Mwakakonza bwanji?"

"Hamala basi. Ndakaphwanya kukamwa n'kukapinda kawiri. Panopa olo dontho."

Ndinawafunsa kuti akuzimitsa giza ndani. Anati madamu agona, thupi latentha pang'ono, ndipo amayi awo amafuna madzi otentha kwambiri owathowera mpongozi wawo m'mawa ndi madzulo, ndiye anangoisiya yoyaka chiyambire Lachitatu. Bokosi la magetsi anawauza kuti asalikhudze, poti sanazolowere.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi kwambiri. Ndikanawauza pomwepo kuti tsikani, tithamangire kwanu. Koma kuti ndinene zimenezo ndinayenera kunena pabwalo, pamaso pa alonda ndi onyamula katundu, kuti m'giza yawo ndinachotsamo themositati. Ndinangoti muyende bwino, lole n'kutuluka pageti. Nditatsala ndekha ndinayamba kuwerengera maola. Anathowa m'mawa, thanki inadzaza madzi ozizira cha m'ma 6 koloko, ndipo paipi anaipinda nthawi yomweyo. Thanki ya saizi imeneyo imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuti iwire. Ndinayang'ana wotchi, maola asanu anali atatha kale.

Ndinathamangira kwa a Zimba kukapempha galimoto. Anandimvetsera akusaina mapepala. Anati galimoto yatuluka, ndipo olo ikanakhalapo sangalembe jobu khadi ya nkhani yotere, tidzaona mwakachetechete Lolemba. Ndinati Lolemba kudzakhala maliro awiri kapena atatu. Apo anaika cholembera pansi.

"A Makawa, themositati anachotsa ndani?"

"Ine, bwana. Munandituma ndinu."

"Ndionetseni pepala." Anatolanso cholembera chija. "Mukatuluka pageti popanda jobu khadi, mudziwe kuti mwatuluka panokha."

Ndinatenga pulaya ndi sowo yodulira zitsulo n'kutuluka. Kudepoti minibasi ya ku Nsungwi inali ndi anthu anayi okha, ndipo kondakitala analumbira kuti siinyamuka isanadzaze. Ndinakhala pampando wa pakhomo ndikuitanira naye limodzi ngati wolembedwa ntchito. Panjira inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, wina kutsitsa thumba la makala, wina kukangana za chenje. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati ndikudwala malungo, poti thukuta linali kuyenderera kuli chisanu chotero. M'mutu mwanga munali chithunzi chimodzi chokha. Ndinkadziwa pamene thankiyo inakhala, chifukwa ndinaikwerera kambirimbiri: theka pamwamba pa kolido, theka pamwamba pa chipinda chogona.

Nditatsika pa Nsungwi ndinathamanga. Ndisanafike pakhomo ndinayamba kuimva. Inkalira ngati lole ikudutsa patali, kenaka n'kugunda, gu, gu, ngati munthu akumenya mgolo m'kati. Ndinazungulira kuseri. Paipi inali yopindidwa kawiri monga ananenera, ndipo nditayandikiza dzanja ndinamva kutentha ndisanaikhudze. Nyumba za m'mbali zinali zokhoma, anthu ali kuntchito ndi kumsika.

Ndinaodira. Anatuluka mayi wachikulire, wochepa thupi, atamanga chitenje pamwamba pa juzi ya mwana wawo. Anaima pakati pa chitseko n'kuyamba kundipatsa moni wa kumudzi, wofunsa ndi kumene ndachoka komwe. Ndinayankha mothamanga n'kufotokoza kuti ndine wa mapaipi wa kukampani, ndikufuna kulowa ndizimitse magetsi chifukwa thanki ya madzi ili pafupi kuphulika. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Muli pabanja, bambo?"

"Eya, amayi."

"Ndiye muno simulowa. Mchombo sunagwe. Mungandisemphere mwana."

Mwambo umenewo sunali wachilendo kwa ine. Esnati atabadwa, agogo anu anathamangitsa mchimwene wanga weniweni pakhomo, ndipo ine ndinawayamikira. Mayiyu sanali wouma mutu, ankateteza mdzukulu wake m'njira imene ankaidziwa. Ndinapempha kuti atulutse mwana ndi mayi ake panja. Anagwira pakamwa, ati mwana wa masiku anayi atuluke panja, mu Juni, ndapenga kodi. Ndinati chabwino, akazimitse okha, pabokosi la m'kolido, switchi yofiira. Anati mwana wawo anawaletsa. Nditachonderera kwambiri analowa, ndinamva kuti tha, n'kubwera kudzandiuza kuti azimitsa. Ndinathamangira pamita imene inali kunja pakhoma. Kagudumu kake kanali kakuzungulirabe mwaliwiro. Anali atazimitsa getsi la m'kolido. Zowatuma kuti akatsegule mpopi wa madzi otentha sindinayerekeze, chifukwa nthunzi ikanawasenda nkhope.

Pamenepo mtima unandithawa. Ndinakweza mawu, ndinaitana akazi a a Mbewe ndi dzina pawindo, ndipo ndinauza mayi wachikulireyo mawu amene sindingawalembe pano, okhudza umbuli wa kumudzi. Ndinaponda sitepe yoyamba. Iwo anabwerera m'mbuyo, anatseka chitseko, ndipo ndinamva chitsulo chikulowa. Ukali wanga womwewu, umene inu mumaudziwa bwino, unanditsekera njira yokhayo imene ikanapulumutsa mwana ndi ntchito yanga pamodzi. Ndikanalowa mwamtendere, ndikanazimitsa, kuwongola paipi, Lolemba palibe akanadziwa kanthu.

Inatsala njira imodzi. Pansi pa mita panali fyuzi yaikulu ya eni magetsi, yomangidwa ndi kawaya komata ndi mtovu. Kawaya kameneko sikadulidwa ndi munthu wamba, ngakhale wa kampani. Kakaduka, a magetsi amabwera kudzafufuza, amalemba lipoti, amakwera m'siling'i, ndipo lamulo la kampani yathu linali lakuti wogwira pamenepo ntchito yatha tsiku lomwelo. Ndinaima ndi pulaya m'manja. Ndikufuna mudziwe kuti sindinadule nthawi yomweyo. Ndinaima mwina mphindi yathunthu, thanki ikugunda pamwamba panga, ine ndikuganiza za chipinda chanu, za mapapaya a amayi anu, ndikudziuza kuti mwina ipirira mpaka madzulo pamene adzatunge madzi othowera. Munthu amatha kuganiza zonyansa ataima padzuwa masana. Kenaka m'chipinda muja mwana analira, kamawu kakang'ono ngati ka mphaka, pansi penipeni pa pamene pankagundapo. Ndinadula kawayako n'kuzula fyuzi, ndipo kagudumu kanaima.

Koma kugunda sikunasiye, chifukwa mphamvu imene inali itadzaza kale m'thankimo inalibe kolowera. Ndinagubuduza mtondo umene unali pakhonde, ndinakwerapo, ndinakulunga jekete kudzanja n'kuyamba kucheka paipi kumbuyo kwa popindapo, nkhope nditatembenuzira kumbali. Sowo itangoboola, paipi inalira mluzu umene sindinaumvepo. Nthunzi inatuluka yoyera, yamphamvu, n'kundipeza pamene jekete inathera, kuyambira pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono. Ndinagwa pamtondopo. Ndinadzuka, ndinakweranso, n'kumaliza kudula ndi dzanja lamanzere mpaka kachidutswa kopindako kanagwa pansi. Nthunzi ndi madzi owira zinatuluka nthawi yaitali, kuseri konse kunachita chifunga, ndipo masamba a mpiru amene anali m'kadimba pansi pake anaphikika ali chiimire. Pang'onopang'ono kugunda kunachepa mpaka kunatha.

Ndinakhala pansi nditatsamira khoma, khungu la pamkono litayamba kutukusira. Chitseko chinatseguka. Mayi uja anazungulira kuseri, anayang'ana mpiru, anayang'ana paipi, anayang'ana mkono wanga. Anabwerera m'nyumba n'kutuluka ndi beseni la madzi ozizira. Analiika pasitepe, panja, ine n'kuviikamo mkono.

"Zimenezi zikanatulukira m'katimu?" anafunsa.

"Eya, amayi. Pamodzi ndi denga."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo atatambasula. Koma anakhala motsekereza khomo, ndipo ine sindinapemphenso kulowa. Ndinatola kachidutswa ka paipi kaja n'kukaika m'thumba la ovolosi.

Julayi 1995

Loweruka lake, mkono uli m'bandeji, ndinayenda nyumba zisanu ndi zitatu zotsalazo n'kumasula mawaya a magiza onse. Anthu ananditukwana, ndipo sindiwadandaula, kunali kozizira. Mayi wina ku Biwi anandiuza kuti ndine wansanje chifukwa kwathu kulibe giza. Pofika Lolemba nkhani inali ponseponse, ndipo a magetsi anali atabweretsa kale lipoti lawo.

Mlandu wanga unakambidwa patatha sabata ziwiri. A Zimba anachita kutenga mkulu woona za antchito n'kukamukweza pamakwerero, ulendo wawo woyamba kuona m'siling'i, kukamuonetsa mtanda wa denga. Zonse zinali pamenepo ndi dzanja langa: deti, zilembo, kamtanda. Mzere wa madeti a nthawi ya a Msiska, kawiri pachaka osadumpha, kenaka mpata wa chaka chathunthu, kenaka ine. A Zimba anati iwo sanatume munthu, ndinachita ndekha chifukwa cha ulesi. Ndinanena zoona zanga, koma pepala ndinalibe. Mkuluyo, amene sanali munthu woipa, anandifunsa funso limodzi lanzeru. Anati ngati paipi yopumira inalipo, chinavuta n'chiyani kuti ndifike podula kawaya ka eni magetsi?

Kachidutswa kaja kanali m'thumba mwanga, zipsera za hamala zikuoneka bwinobwino. A Mbewe anali atakhala pabenchi panja, atawaitana ngati mwini nyumba, chipewa chili pabondo. Lamulo linali lakuti wokhala m'nyumba ya kampani akaononga chipangizo mwadala, nyumba amalandidwa. Ndinakagwira kachidutswako m'thumbamo mpaka kanatentha. Musandiyese woyera mtima. Ndinali nditawakwiyira a Mbewe kwambiri, ndipo ndinkafuna wina amve zimene ndinkamva ine. Koma ndinaona kuti kukatulutsa sikundibwezera ntchito, kungowonjezera banja lachiwiri pamsewu, ndi khanda la sabata zitatu. Komanso munthuyo anapinda paipi chifukwa inkalavula madzi owira, ndipo inkalavula chifukwa cha ine. Ndinayankha kuti paipi inali itatsekeka, ndipo nyumba zikanakhala kuti zikuyenderedwa ngati kale, tikanaziona msanga. A Mbewe atalowa anati iwo anali ku Blantyre, sakudziwa kanthu. Sanandiyang'ane.

Anandipatsa masiku asanu ndi awiri kuti ndituluke m'nyumba. Amayi anu sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mkono. Anangopita kuseri kukathyola mapapaya onse, ndi aawisi omwe. Tinapeza zipinda ziwiri ku Mgona, zopanda magetsi, madzi okatunga pakiyosiki. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mwezi womwewo mathemositati anapezeka, sindikudziwa kuti anachokera kuti, ndipo kampani inalamula kuti kuyendera nyumba kuyambirenso kawiri pachaka. Analemba pulambala wina kuti azichita zimenezo, ndipo akuluakulu a kampani anayamikira a Zimba chifukwa chokonza zinthu.

Tsiku losamuka kampani inatumiza lole. Woyendetsa anali a Mbewe. Mwina Esnati akukumbuka, anakhala kumbuyo pamatilesi atagwira wailesi. Ine ndinakhala kutsogolo, pambali pawo. Titafika anatsitsa okha katundu yense wolemera, bedi, kabati, makina osokera a amayi anu, osalola kuti ndigwire. Atamaliza anaima pafupi ndi chitseko cha lole akupukuta manja nthawi yaitali, manja oti anali oyera kale.

"Kachidutswa kaja muli nako?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndili nako."

Anagwedeza mutu, maso ali pansi. Ndinkayembekeza kuti apepesa, kapena apempha kuti ndikataye. Sananene zimenezo.

"Mchombo unagwa bwinobwino," anatero. "Amayi anga sanabwerere ku Dowa. Akuti sachoka musanabwere. Akuti ndikuuzeni kuti tsopano mukhoza kulowa."

Ndinakana kawiri, koma amayi anu anandikoka Lamlungu lotsatira titatuluka m'tchalitchi. Mayi wachikulire uja anatilandira pasitepe pomwe paja, anapatuka pakhomo, n'kundilozera mpando. Ndinayamba kupepesa za mawu anga a tsiku lija, koma anandidula. Analowa kuchipinda, anatuluka ndi mwanayo n'kumuika padzanja langa lamanzere, poti lamanja linali likadali m'bandeji. Kanali kopepuka ngati mtolo wa matewera. Anthu onse m'nyumbamo ankayang'ana mwana. Ine ndinapezeka ndikuyang'ana kusiling'i, ndikumvetsera, ndipo misozi inatsika pamaso pa azimayi.

Zaka zotsatira ndinagwira maganyu a mapaipi ku Kawale, ku Chinsapo ndi kulikonse kumene andiitana, mpaka nonse munamaliza sukulu. Esnati anabwerera ku koloboyi, ndipo maso ake anayamba kuvuta nthawi imeneyo. Zimenezo ndimazidziwa, mwana wanga, ndipo sindinakupepesepo. Ndikupepesa pano. Sindinong'oneza bondo kuti ndinadula kawaya kaja. Chimene chimandidzutsa mpaka lero ndi tsiku limene ndinavomera kulumikiza mawaya, ndi mphindi ija ndinaima ndi pulaya m'manja.

Kachidutswa ka paipi kali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi langa, pamodzi ndi pensulo. Musadzakagulitse kwa ogula zitsulo. Nonse atatu tsopano muli ndi magiza m'nyumba zanu, ndipo adzukulu anga amagona pansi pake. Mukakwera m'siling'i mwa aliyense wa inu, pamtanda wa pafupi ndi thanki mupeza mzere wa madeti, Epulo ndi Okutobala, ndi zilembo za dzina langa. Kwa Yohane mzerewo uli ndi mpata umodzi, wa chaka chatha. Mawondo anga akukana tsopano, ndipo Epulo akubwerayu sindikudziwa ngati ndikwanitsa. Yohane, pita ukatenge makwerero aja kwa aneba. Ine ndidzakugwirira pansi.